Mpira Wasamukira M'foni: Nanga Otsala M'mbuyo Ndani?

Mwezi uno ndafuna kuti tikambirane za mpira wa miyendo, makamaka za njira imene mpirawo ukutifikira masiku ano. Ena adabwa kuti nkhani yotere ikufunanji m'kalata ya mpingo. Chinthu chimene chikulowa m'thumba la banja mwezi ndi mwezi, chimene chikuchezetsa ana athu mpaka pakati pa usiku, ndiponso chimene chikusintha kakhalidwe kathu ka pamodzi, n'choyenera kuti tichimvetse bwino tisanachiyamikire kapena kuchidzudzula.

Kumene tachokera

Makolo athu adaudziwa mpira ndi makutu. Mu 1966, pamene Eusébio, mwana wa ku Mafalala, adamwetsa zigoli 9 pa mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse ku England atavala malaya a Portugal, m'dziko muno munalibe wailesi yakanema. Amene adamva za zigolizo adazimva pa wailesi wamba kapena kwa anzawo odziwa kuwerenga nyuzipepala. Kanema adayamba mu 1981 ku Maputo, moyeserera chabe, ndipo padapita zaka zambiri asanafike kuno kumpoto. Ngakhale m'chaka cha 2000, pamene Lurdes Mutola adapata mendulo yagolide pa liwiro la mamita 800 ku Sydney, nyumba zokhala ndi kanema m'dera lathu zinali zowerengeka. Nyumba imodzi inkadzaza ndi anthu a m'nyumba khumi, ana pamphasa kutsogolo, akuluakulu pamipando, ena kusuzumira pazenera.

Kampani ya MultiChoice idayambitsa DStv ku South Africa mu 1995, ndipo kanema wake wa zamasewera, SuperSport, adadzabweretsa ligi ya ku England ndi mipikisano ya ku Ulaya. Pambuyo pake kudabwera ZAP ya ku Angola, StarTimes ya ku China, ndi GOtv. Madishi adayamba kuoneka pamadenga a malata. Popeza si aliyense akanatha kulipira mwezi ndi mwezi, kudabadwa nyumba zoonetsera mpira, zija timaziona ku Chiuaula, ku Namacula ndi m'misika ya m'maboma: bolodi pakhomo lolembedwa ndi choko kuti lero ndi Benfica ndi Sporting, mabenchi m'kati, jenereta kuseri, munthu n'kulowa ndi makobidi ochepa. Mu 2021 boma lidazimitsa kaulutsidwe kakale ka kanema, ndipo aliyense wofuna kuona TVM ndi anzake adayenera kupeza dikoda, monga ija ya TMT.

M'masinthidwe onsewa munali chinthu chimodzi chimene sichidasinthe. Kanema anali mmodzi, maso anali ambiri. Wolemera ndiye ankagula, koma wosauka ankaonera nawo. Kusintha kumene kwafika tsopano kukukhudza chinthu chimenechi.

Mpira uli ndi eni ake

Tiyenera kudziwa kuti chithunzi cha masewero ndi katundu wogulitsa. Ligi iliyonse, ngakhalenso mabungwe a FIFA ndi CAF, amagulitsa chilolezo choonetsera masewero awo kwa amene wapereka ndalama zambiri, dera ndi dera, kwa zaka zowerengeka. Zakazo zikatha, malonda amayambiranso. Ligi ya ku England idagulitsa chilolezo choonetsera m'dziko mwawo momwemo, kwa zaka zinayi kuyambira 2025, pa mtengo wa mapaundi 6.7 biliyoni. Ndalama zimenezi ndizo zimalipira osewera, ndipo pamapeto pake zimachokera m'thumba la oonera.

Kale ogula anali makampani a wailesi yakanema okha. Tsopano m'msikamo mwalowa makampani a intaneti, amene chuma chawo n'choposa cha nyumba zambiri zoulutsira mawu. Amazon idayamba kuonetsa ena mwa masewero a ligi ya ku England mu 2019. Apple idatenga ligi yonse ya ku America kuyambira 2023, chaka chomwe Lionel Messi adapita ku Inter Miami. FIFA idatsegula malo akeake oonetsera masewero pa intaneti, otchedwa FIFA+, mu 2022. Mu 2025 mpikisano wa makalabu 32 a dziko lonse, umene mudali Al Ahly, Mamelodi Sundowns, Espérance ndi Wydad za kuno ku Africa, udaonetsedwa pa intaneti ndi kampani ya DAZN popanda kulipiritsa oonera.

Kuno kwathu mphepoyi yafikanso. Mu Januwale 2024, kutangotsala masiku ochepa kuti Chikho cha Africa chiyambe ku Côte d'Ivoire, MultiChoice idalengeza kuti sionetsa mpikisanowo, chifukwa chilolezo chidali m'manja mwa New World TV ya ku Togo. Adadzagwirizana masewero atatsala pang'ono kuyamba, koma anthu amene adalipira kale adaona kuti kukhala ndi dishi padenga sikutsimikiza kuti uona timu ya dziko lako. Mwezi wotsatira kampani yomweyo idakonzanso Showmax, n'kuikamo ligi ya ku England yoonera pafoni pokha. Mu 2025 MultiChoice idagulidwa ndi Canal+ ya ku France. Abale athu a kutsidya kwa malire akukumbukanso kuti mu 2023 MultiChoice idalengeza zochotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya mitengo, ngakhale kuti pambuyo pake idabwerera. Zonsezi zikutiphunzitsa kuti zimene tidzaonere ku Sanga kapena ku Ngauma zimagamulidwa ku Johannesburg, ku Paris ndi ku London, ndi anthu amene amawerengera phindu.

Kusiyana kwa mlongoti ndi foni

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuulutsa kwa masiku onse ndi kuonetsa kudzera pa intaneti, ndipo amene wakumvetsa kusiyanaku wamvetsa nkhani yonse. Mlongoti wa wailesi kapena satelayiti imatumiza chithunzi kamodzi, ndipo chimagwera aliyense amene ali ndi chotchera, monga mvula igwera minda yonse ya m'mudzi. Oonera akhale khumi kapena miliyoni, mtengo wotumizira ndi womwewo. Pa intaneti chithunzi chimatumizidwa kwa munthu aliyense payekhapayekha, monga madzi otungidwa ndi chidebe, ndipo chidebe chilichonse chili ndi mtengo wake. Anyamata asanu akakhala pakhonde limodzi aliyense ndi foni yake, masewero omwewo agulidwa kasanu.

Masewero amodzi, kuphatikiza nthawi yopumula, amatenga pafupifupi maola awiri. Pa chithunzi chapakatikati, nthawi imeneyi imadya gigabayiti imodzi kapena kuposerapo, ndipo chithunzi chowala bwino chimadya kangapo kuposa apo. Mnyamata woonera masewero awiri pa sabata wadya magigabayiti 8 kapena kuposa pa mwezi, asanatumize uthenga ngakhale umodzi. Choncho woonera pafoni amalipira kangapo: agule foni yokhoza kuonetsa kanema, agule ma megas ku Movitel, Vodacom kapena Tmcel, alipire kampani yoonetsayo ngati ikulipiritsa, ndipo kumudzi kopanda magetsi alipirenso potchajitsa. N'chifukwa chake mpikisano uja wa DAZN, umene ku Ulaya udatchedwa waulere, kuno sudali waulere. Vuto lina ndi lakuti chilolezo chikagawidwa kwa makampani angapo, munthu wokonda ligi ya ku Portugal, ya ku England ndi mpikisano wa akatswiri a ku Ulaya amafunika kulipira malo awiri kapena atatu.

Kuti mtengo wa ma megas ndi nkhani yaikulu tidaona mu Meyi 2024. Bungwe la INCM, loyang'anira za mauthenga, litakhazikitsa mitengo yatsopano imene idathetsa mapaketi opanda malire, achinyamata adayenda m'misewu ya Maputo kudandaula, ndipo boma lidaimitsa mitengoyo. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, chisankho chitatha, intaneti ya m'mafoni idadulidwadulidwa kwa masiku angapo. Tidaphunzira kuti njira imeneyi ikhoza kukwera mtengo kapena kutsekedwa m'tsiku limodzi.

Tikumbukirenso kuti anthu ogwiritsa ntchito intaneti m'dziko muno safika mmodzi mwa anayi alionse, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda. Niassa ndi chigawo chachikulu kuposa zonse m'Mozambique, koma anthu ake akhala motalikirana, ndipo pali midzi imene munthu amakwera chulu kuti apeze netiweki. Starlink, imene idayamba kugwira ntchito kuno mu 2023, imafika paliponse, koma zida zake ndi malipiro a pamwezi si za mlimi wa chimanga ndi nyemba. Mpira ukasamukiratu m'foni, otsala m'mbuyo adzakhala agogo, amayi ambiri, ana a kumudzi ndi msodzi wa kunyanja, anthu omwe aja ankapeza malo pamphasa ya mnansi.

Zabwino zimene tisazikane

Chilungamo chikufuna kuti tinene zabwino zake, pakuti zilipo. Kale timu ya kuchigawo inkadikira kuti makamera achoke ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 2,000 pamsewu. Lero munthu mmodzi wokhala ndi foni yabwino akhoza kuonetsa masewero pa Facebook kapena pa YouTube, dziko lonse n'kuona. Ferroviário de Lichinga itayamba kusewera mu Moçambola mu 2021, mwana wa Niassa amene akuphunzira ku Nampula kapena akugwira ntchito ku Johannesburg adapeza njira yoonera zigoli za pabwalo la 1º de Maio tsiku lomwelo. Masewera amene wailesi zakanema sizikonda kuwapatsa nthawi, monga mpira wa atsikana ndi mipikisano ya sukulu, apezanso khomo. Amayi a Ferroviário de Maputo adatenga chikho cha makalabu a basketball a mu Africa mu 2018 ndi 2019, ndipo mtsikana wa ku Cuamba amene akufuna kuwatsanzira akhoza kupeza masewero awo ndi kuphunzirapo. Amene adali kuntchito kapena kumaliro akhoza kuona zigoli m'mawa mwake m'mphindi zisanu, osataya usiku wonse.

Komabe akuluakulu adati walira mvula walira matope. Matope ake ndi awa.

Khomo lakuseri ndi njuga

Popeza njira zovomerezeka n'zodula, achinyamata ambiri amalowera khomo lakuseri. Amatumizirana pa WhatsApp ndi pa Telegram maadiresi a malo oonetsa mpira mwakuba. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Eni malo amenewa sachita zachifundo. Amapeza ndalama mwa kuonetsa malonda a njuga ndi zithunzi zolaula, zimene zimatulukira pakati pa masewero mwana asanazifune, ndipo ena amauza woonera kuti aike kapulogalamu m'foni mwake, kamene kakhoza kuba manambala achinsinsi. Foni yomweyo ndiyo imasunga ndalama za banja mu M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Ndiponso kuonera mwakuba ndi kutenga chinthu chimene mwini wake sadakupatse, ngakhale kuti sitithyola loko.

Njuga ndiyo nyerere yoluma kwambiri. Kale wofuna kubetcha ankayenera kuchoka pakhomo, kupita kumalo odziwika, anthu akumuona. Lero mpira, kampani ya njuga ndi ndalama zili m'chikhatho chimodzi, ndipo munthu akhoza kubetcha masewero ali m'kati: ndani amwetsa chigoli chotsatira, makona akhala angati, khadi lofiira lituluka kapena ayi. Achinyamata athu amvetse zinthu ziwiri. Choyamba, kampani ya njuga imakonza mitengo yake mwakuti ndalama zonse zobwezera opambana zikhale zochepa kuposa zonse zimene anthu aponya. Mmodzi akhoza kupambana lero, koma gulu lonse limaluza nthawi zonse, ndipo wosewera kawirikawiri amafanana ndi gululo. Chachiwiri, chithunzi cha pa intaneti chimachedwa ndi theka la mphindi, nthawi zina kuposa apo. N'chifukwa chake mnansi wa wailesi amakuwa kuti chalowa inu mukuonabe mpira uli pakati pa bwalo. Kampaniyo imalandira zochitika za pabwalo msanga kuposa woonera, choncho wobetcha akulimbana ndi munthu amene waona kale zimene iye sadazione. Ndalama zimene zikutayika m'njira imeneyi ndi za feteleza, za yunifolomu, za Credelec ndi za ndiwo.

Pali nkhani ya nthawi. Masewero a akatswiri a ku Ulaya amayamba 9 koloko usiku pa nthawi yathu, ndipo m'miyezi ya chisanu cha kwawo amayamba 10 koloko, n'kutha pafupi ndi pakati pa usiku. Pamene kanema adali pabalaza, bambo kapena mayi ankatha kuzimitsa. Nyumba yoonetsera mpira, ngakhale idali ndi zoipa zake za mowa ndi mawu otukwana, inkatsekedwa ndipo mwana ankabwerera kunyumba, makolo n'kudziwa nthawi imene walowa. Foni imalowa m'bulangete. M'mawa wozizira wa Juni kuno ku Lichinga, mphunzitsi amalandira mwana amene maso ali psuu, ndipo makolo sadziwa chifukwa chake.

Chimene tingapemphe kwa atsogoleri

Pali masewero ena amene ndi chuma cha mtundu wonse. Pa 22 Januwale 2024 timu yathu ya Mambas, motsogozedwa ndi Chiquinho Conde, idali kumbuyo ndi zigoli ziwiri kwa Ghana, koma Geny Catamo ndi Reinildo Mandava adabweza zonse ziwiri m'mphindi zoonjezera. Mu Disembala 2025, ku Morocco, Mambas idagonjetsa Gabon 3 kwa 2, kupambana kwake koyamba m'mbiri ya Chikho cha Africa. Pa masiku otere Myao, Mnyanja ndi Mmakua, Mkhristu ndi Msilamu, amakuwa ndi mawu amodzi. Dziko limene lidaona nkhondo ya zaka 16 lisapeputse zinthu zimene zimagwirizanitsa anthu ake.

Mayiko ena adaziona kale zimenezi. Ku Britain lamulo la 1996 lidaika mndandanda wa masewero, monga Chikho cha Dziko Lonse ndi ndime yomaliza ya FA Cup, amene ayenera kupezeka pa kanema wosalipiritsa. South Africa nayo ili ndi malamulo a masewera okhudza mtundu wonse, oyang'aniridwa ndi bungwe la ICASA. Ife monga nzika tili ndi ufulu wopempha aphungu athu, bungwe la mpira la FMF ndi akuluakulu a zofalitsa nkhani kuti masewero a Mambas asadzatsekeredwe kuseri kwa malipiro, ndiponso kuti Rádio Moçambique, imene kuno ku Niassa imalankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua, ipatsidwe mphamvu zoulutsira mpira m'zilankhulo zathu. Wailesi ya mabatire awiri idakali njira yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo imafika kumene foni siifika.

Chimene tingachite pakhomo ndi pampingo

Sindikunena kuti titaye mafoni kapena tidane ndi mpira. Masewera ndi abwino kwa thupi ndi kwa mtima, ndipo ambiri a ife tidakula tikuthamangitsa mpira wa mapulasitiki m'fumbi. Ndikupempha zinthu zochepa zimene banja lililonse lingathe.

Makolo, khalani pansi ndi ana anu muwerengere pamodzi ndalama zimene zapita ku ma megas mwezi watha, muziike pambali pa mtengo wa thumba la chimanga. Mwana amene waona chiwerengero ndi maso ake amamva msanga kuposa amene wangokalipiridwa. Gwirizanani masewero amene aonedwe pa sabata ndi nthawi imene mafoni onse, a bambo omwe, agone pabalaza. Musasunge ndalama za banja m'foni imene ana amaonerapo mpira, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yanu nokha. Mukaona mwana wayamba kukongola ndalama zing'onozing'ono, kugulitsa zinthu zake, kapena kukwiya mopitirira timu yakutali ikagonja, funsani za njuga mofatsa, tsiku lomwelo. Madzi akatayika saoleka.

Amene Mulungu wakudalitsani ndi kanema, dishi kapena intaneti yabwino, tsegulani khomo monga ankachitira makolo athu. Itanani ana a mnansi, itanani agogo, muonere pamodzi. Potero mtengo ugwa, pakuti chidebe chimodzi chamwetsa anthu makumi awiri, ndipo ana aonera pamaso pa akulu. Mabungwe a achinyamata m'mipingo imene ili ndi magetsi akhoza kukambirana ndi akulu a mpingo za kuonetsa masewero akuluakulu m'holo, pa nthawi yosasemphana ndi mapemphero, mopanda mowa ndi mopanda kubetcha, atafunsa bwino za chilolezo choonetsera gulu. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, tisaiwale bwalo la kwathu. Mwana amene amadziwa osewera onse a Real Madrid koma sadapondepo pa 1º de Maio wataya kanthu. Ndalama ya tikiti imatsala m'Lichinga muno, imathandiza timu kuyenda maulendo ake aatali, ndipo mayi wogulitsa mtedza ndi nthochi pachipata amapezapo ya sopo. Loweruka likubwerali, ngati pali masewero a sukulu kapena a m'dera lanu, tengani ana mupite nawo, foni itsale m'thumba.

Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu kufikira tidzakumanenso pa tsamba lino mwezi wamawa.

Ndine mbusa wanu,
Lichinga, Niassa